Dona Rufina, amene ankamana asilikali mpweya

Uthenga wa imfa ya Dona Rufina unandipeza ndili pa makina, ndikusoka kabudula wa sukulu pakhonde langa mumsika wa pa Milange. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa nyemba, ndipo anangozinena modutsa ngati akunena za mtengo wa matumba: a tekinika aja a asilikali amwalira ku Gurue kwa mwana wawo, anaikidwa kale Lachisanu. Ine ndinangoti oo, n'kupitiriza kupalasa makina mpaka ndinatseka thumba la kabudulayo pakamwa osazindikira. Ndinali ndi funso limodzi loti ndiwafunse Dona Rufina, ndipo ndinayenda nalo zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkafuna andiuze ngati bambo anga anafa ndi matenda awo, kapena ndinawapha ndine tsiku limene ndinawawonjezera mpweya Dona atachokapo. Amene akanatha kundiyankha anali iwo okha.

Ngakhale ntchito yawo yeniyeniyo sindidziwa kuti ndiitchule bwanji. Sanali dotolo, ndipo ukawaitana choncho ankakubweza pomwepo. Sanalinso namwino: jakisoni sankabaya, mabala sankatsuka, amayi oyembekezera ankawalozera khomo lina. Iwo ankati ndi tekinika wa kupuma, ife n'kumayang'anana, poti kupuma munthu amabadwa akukudziwa kale, ndiye wina angapite bwanji kusukulu kukaphunzira zimenezo. Koma anapitadi. Nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ali mtsikana, ankanyamula chikwama cha mankhwala ndi machira kumbuyo kwa asilikali. Itatha anakalowa sukulu ya zaumoyo ku Quelimane, kumene anaphunzira zowongola ziwalo za anthu opuwala ndi ovulala, kenako anawatumiza ku Beira kukawonjezera za chifuwa ndi mapapo. Mapepala ake anali nawo, awiri, okhala ndi zidindo. Sanawapachike pakhoma. Ankawasunga m'chikwama cha pulasitiki kunyumba kwawo, ndipo ine ndinadzawaona kamodzi kokha, pa tsiku limene ndimachita nalo manyazi.

Anawapatsa kachipinda ka mabedi awiri kumapeto kwa chipatala china chaching'ono cha mbali ya ku Mongue, koti azionerako asilikali akale amene anatula mfuti mtendere utabwera mu 1992. Amuna amenewa anatuluka m'tchire ndi miyendo yawo, ena ndi umodzi, koma zifuwa zinali zitatha. Wina TB inamusiyira zipsera m'mapapo, wina anakhala zaka akupuma utsi wa m'misasa, ambiri atasiya usilikali analowa m'makala ndi m'njerwa, ndipo onse ankakoka fodya wa chingambwe ngati ndi chakudya. Bambo anga, a Alifonso, anali mmodzi wa iwo. Ine ndi amayi tinathawira ku Malawi, iwo anatsala ndi mfuti, ndipo titabwerako ndinapeza bambo amene sankatha kukwera chulu osaima kawiri. Dona sankafunsa munthu kuti anamenyera mbali iti. Ankati mapapo savala yunifomu, choncho anthu amene kale ankasakana m'phiri ankakhala pa benchi imodzi Lachiwiri lililonse, aliyense ndi kachitini kake ka makhololo.

Kachitiniko ndiye kanali lamulo loyamba. Usanapereke moni wautali unkatsegula chivindikiro, iwo n'kuyang'ana mtundu wa zimene watsokomola m'mawa, nkhope osasintha ngati akusankha tomato. Kenako ankakugwira pa dzanja n'kuyang'ana wotchi, akukufunsa za mvula ndi za nandolo. Unkaganiza kuti akumva kugunda kwa mtima, chonsecho akuwerenga kupuma kwako. Ankati munthu akadziwa kuti ukumuwerenga amayamba kupuma mwaulemu, ndiye umawerenga bodza. Anali ndi kachipangizo kopanira pa chala, koonetsa nambala ya mpweya wa m'magazi, ndipo kameneko sankabwereketsa munthu ngakhale dotolo. Ankanunkhizanso zala. Akamva fungo la fodya ankangotambasula dzanja, msilikali wamkulu n'kuyamba kufufuza m'matumba ngati mwana wa sukulu, ndipo fodyayo ankathera m'chimbudzi mwini wake akuona.

Ntchito imene inkamveka mpaka kumsewu inali yoomba pamsana. Ankamugoneka munthu chafufumimba, mutu cha m'munsi, n'kupinda zikhato ngati akutunga madzi, n'kuyamba kumuomba kuti makhololo amasuke. Odutsa pa njinga ankaganiza kuti muno akupuntha nyemba. Koma asanayambe, ngakhale kwa munthu amene amuomba kwa zaka zisanu, ankanena kaye kuti, “Ndikubwera kumbuyo kwanu, ndine Rufina.” Ndinawafunsapo chifukwa chake, iwo anangondionetsa dzino lawo lakutsogolo lobenthuka. Analibenthula ndi chigongono msilikali wina m'chaka chawo choyamba, munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, amene anangomva manja kumsana n'kuiwala kuti nkhondo inatha. Akamaliza kuomba ankapatsa aliyense botolo la madzi ndi kachubu koti aziuzira mpaka madzi achite thovu. Amuna a imvi, ena oti kale anthu ankathawa akangomva dzina, ankakhala pamzere akuwiritsa madzi m'mabotolo, Dona akuyenda patsogolo pawo n'kumawafunsa kuti gulu lotereli linkaopseza ndani kwenikweni.

Tsiku lokumbukira ankhondo likafika, asilikali akale amavala mendulo n'kukaguba ku vila, tauni ya boma lathu. Dona ankadana nalo tsikulo. Ankatsatira perete chapambali akukankha njinga, m'basiketi muli timapampu ta mphumu, ndipo akaona wina milomo yayamba kuda ankalowa pakati pa mzere n'kumukoka pa lamba, mabwana akuonerera. Chaka china anakoka bambo anga. Bambo sanawalankhule mwezi wathunthu, ankati mkazi wawachotsa pa perete pamaso pa anthu amene anawalamulirapo. Koma Lachiwiri ankapitabe, n'kugona chafufumimba osapereka moni, Dona akuwaomba n'kumauza khoma kuti anthu ena akufuna akaikidwe ndi mendulo zonyezimira chaka chomwechino. Awiriwa ankagwirizana m'njira yawoyawo. Timapampu tija Dona anaphunzitsa onse kupopera kudzera m'botolo la pulasitiki loboola kumbuyo, kuti mankhwala asamathere pa lilime. Bambo ankati zimenezo n'zachibwana, koma ndinkawapeza kuseri kwa nkhokwe akuchita momwemo.

Pakamwa Dona anali napo. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chilomwe cha kwawo, ndipo akapsa mtima ankamalizira m'Chipwitikizi kuti aliyense alandire gawo lake. Ankakangana ndi akazi a asilikali pa nkhani yophikira m'nyumba yotseka mawindo. Ankakangana ndi alaliki obwera kudzapempherera odwala atadzaza m'kachipinda, kuwauza kuti Mulungu amamvanso kuchokera pakhonde. Koma mkangano umene unawatsatira mpaka kumanda unali wa kampopi ka pa botija.

Botija ndi chibotolo chachitsulo chija chosungira mpweya wa odwala. Pamwamba pake pamakhala kampopi ndi kagalasi ka manambala, ndipo m'kagalasimo mumakhala kampira kamene kamakwera ukatsegula. Kwa asilikali a zifuwa zakale Dona ankaika kampirako pakati pa 1 ndi 2, ndipo anajambulapo mzere ndi utoto wofiira wa m'zikhadabo. Ankati mapapo otopa zaka zambiri sali ngati a munthu wovulala dzulo. Ukawathira mpweya wochuluka, mpweya woipa uja umene umayenera kutuluka umayamba kuunjikana m'magazi, munthu amayamba kusinza, n'kugona tulo tabwino toti mwina sadzukanso. Nambala ya pa chala ikafika cha m'ma noventa, ndiye kuti 90, iwo ankati basi, pakwana. Zimenezi ankafotokozera banja lililonse, mofatsa, kawiri katatu.

Ife tinkagwedeza mitu koma sizinkatilowa. Kwathu kuno wodwala samanidwa. Ukapita kukazonda matenda umawonjezera: bulangete lina pamwamba pa lina, shuga wina mu tiyi, ndipo akati wakhuta phala umamunyengerera supuni ina. Ndiye munthu wako akupuma movutika, chibotolo chodzaza chili pambali pake, wina n'kumangomudonthezera, mutu wa munthu sungamvetse zimenezo. Aliyense wobwera kudzaona wodwala ankapotokolako kampopi pang'ono Dona akatembenuka, osati mwachipongwe, koma monga mphatso yake poti sanabwere ndi kanthu m'manja. Iwo ankamata kampopiko ndi pulasitala, anthu ankamatula. Anafika pothamangitsa apongozi a munthu ndi tsache. Mbiri inayamba kuyenda yoti mayiyu ndi woumira, ena n'kumati mpweyawo akusungira mabwana a ku vila. Inenso ndinanenapo zimenezo, ndipo ndinkazikhulupirira theka.

Pa maliro a bambo anga, Dona anabwera, atavala chitenje ndi duku ngati mayi wina aliyense, n'kukhala kumbuyo kwa azimayi. Kwathu mtembo usananyamuke pamaimirira wachibale kufotokozera anthu mmene matenda anayendera, kuti pasakhale zonong'ona. Anaimirira bambo anga aang'ono, a Vitorino, mng'ono wawo wa malemu, nawonso msilikali wakale. Anayamba bwino, za chifuwa cha zaka zambiri, za ulendo wa kuchipatala. Kenako anati iwo ndi maso awo anaona mkulu wawo atagona mwamtendere, mpweya ukulowa wokwanira, ndiye anafika mayi wa ku Gurue n'kuuchepetsa, ndipo kuyambira pamenepo munthu sanabwererenso. Sanatchule dzina, komabe mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Ine ndinali nditakhala pafupi ndi bokosi. Ndinadikira kuti Dona aimirire alavule moto monga mwa masiku onse, anene kuti funsani mwana wakeyo chimene anachita. Anangokonza duku, anakhala mpaka tinabwera kumanda, anasamba m'manja ndi anzawo n'kukwera njinga yawo.

Nkhani sinathere kumanda. Mawu onenedwa pa maliro amayenda, ndipo patapita masabata akuluakulu a zaumoyo anatiitana tonse ku vila. Funso lawo loyamba linali la mapepala: mayi amene si dotolo, anamupatsa ndani mphamvu yochepetsa mpweya wa wodwala? Ndi pomwe ndinaona chikwama cha pulasitiki chija. Dona anayala mapepala awo awiri pa tebulo, n'kuwonjezera lachitatu, khadi la bambo pamene dotolo analemba ndi dzanja lake mlingo wa mpweya, womwewo wa pa mzere wofiira. Anafotokoza ntchito yawo chimodzichimodzi ngati akuwerenga katekisimu: kuyeza kupuma, kupereka mpweya monga walembera dotolo osapitirira, kufukiza mankhwala ndi makina a nthunzi, kumasula chifuwa, kutsuka ndi kuyanika machubu, kuphunzitsa wodwala ndi abale ake, kuitana dotolo zikathina. Mkulu wina anafunsa kuti nanga anakweza kampirako ndani.

“Ndinapeza kali pa 6,” anatero Dona. “M'chipinda cha wodwala mumadutsa manja ambiri. Cholakwa changa n'chakuti ndinachoka.”

Mkuluyo anatembenukira kwa ine. “A Paulino, paja inu munali momwemo. Munaona ndani?”

Ndinati ndinatulukako pang'ono kukamwa madzi. Ndinanena zimenezo Dona ali pomwepo, poti nditatambasula mkono ndikanawakhudza, ndipo sanandiyang'ane n'komwe.

Anawaimitsa ntchito miyezi inayi poti anasiya wodwala popanda munthu wa chipatala womuyang'anira, ndipo kachipinda kanatsekedwa. Atabwerera, benchi inali ndi mipata. Mabanja ena anali atamva za pamaliro n'kusunga anthu awo kunyumba. Ndikudziwapo mmodzi, a Mateyu, amene anamwalira m'nyumba mkazi wawo akukana kuti sangawapititse kwa womana mpweya. Dzina loti womana mpweyalo linawakakamira Dona mpaka ana a sukulu ankalidziwa. Kodi a Mateyu nawo ndiwasenze ine? Sindidziwa, ndipo ndikayamba kuganiza zimenezi ndimadula nsalu molakwika.

Tsiku lenilenilo linali Lolemba, m'nyengo ya fumbi. Bambo anali atagonekedwa masiku atatu, akupuma ndi mapewa. Botija yosungira inali itatha, galimoto yobweretsa ina sinaoneke, ndiye cha m'ma 11 koloko Dona anaganiza zokaitenga okha pa njinga yamoto ya munthu. Namwino wa tsikulo anali ndi mayi wobereka mbali ina ya chipatala. Asanatuluke anandiimika pafupi ndi kagalasi.

“A Paulino, mwauona mzerewu? Kampiraka kasadutse apa. Akabanika muwakhazike tsonga, muziwakupiza kumaso ndi katoniyi, muziwauza atulutse mpweya ngati akuuzira phala lotentha. Divagari, pang'onopang'ono. Akakupemphani muwonjezere mpweya, nada, osayerekeza. Ndipo akupemphani ndithu.”

Ndinavomera. Bambo aang'ono anali atatuluka kukapopetsa njinga, amayi anali atapita kunyumba kukatenga zovala, tinatsala awiri. Ndinakupiza mpaka mkono unatopa. Bambo ankandiyang'ana atatong'ola maso, milomo itauma, mawu akutuluka limodzilimodzi.

“Paulino. Tsegulako. Pang'ono.”

“Akaniza a Dona, bambo.”

“Dona ndi mwana wanga?” Anapuma kaye nthawi yaitali. “Chibadwire chako, ine ndinayamba ndakumana chakudya?”

Zoona zake n'zakuti zaka zambiri za ubwana wanga iwo kunalibe, koma pa nthawi ngati imeneyo munthu sawerenga zaka. Ndinamatula pulasitala n'kupotokola. Kampira kanakwera mpaka pa 6. Patapita kanthawi mapewa anatsika, nkhope inamasuka, bambo anandigwira dzanja n'kunena kuti mwana ndi ameneyu. Kenako anagona. Ndinali ndisanawaone akugona choncho kwa zaka, ndipo ndinanyada, ndisaname. Ndinakhala pamenepo maola atatu ndikukonza mawu oti ndimuuze mayi woumirayo akabwera.

Dona anafika dzuwa litapendeka, fumbi thupi lonse, bambo aang'ono akuwathandiza kugubuduza botija yatsopano. Anayang'ana bambo, anayang'ana kagalasi, anandiyang'ana ine. Mayi amene ankakalipira munthu chifukwa cha chivindikiro cha chitini, tsiku limenelo sanakweze mawu. Anabweza kampira pa mzere, anawanyamula bambo n'kuwatsamiritsa, akuwaitana dzina, akuwatsina pa chikhadabo. Bambo sanayankhe. Dona anatuma bambo aang'ono kukaitana dotolo, iwo n'kuveka bambo chophimba pakamwa cholumikiza ku chithumba cha labala, n'kuyamba kufinya ndi manja, kufinya, kusiya, kufinya, akuwerenga chapansipansi m'Chilomwe. Anachita zimenezo mpaka thukuta linanyowetsa bata, chovala chawo choyera cha ntchito. Bambo anadzatsegula maso dzuwa likulowa. Anatiyang'ana koma sindikhulupirira kuti anatidziwa. Anakhala choncho, kudzuka ndi kubwerera, mpaka anatisiya Lachinayi m'mawa.

Ndiye apa ndi pamene mutu wanga umaima. Akanafa Lolemba lomwelo ndikanadziwa kuti ndine. Akanachira n'kudzafa chaka china ndikanadziwa kuti si ine. Koma masiku atatu munthu uwaike mbali iti? Ndinakafunsapo namwino wina kutsidya, ku Malawi, ndikunamizira kuti ndi nkhani ya mnzanga, iye anati zimatengera mmene mapapo analili. Wina wophunzira za udotolo, wobwera kudzasoketsa suti, anati n'zotheka ndithu, komanso munthu wotero akanatha kupita sabata lomwelo ngakhale popanda wokhudza kampopi. Aliyense ankandipatsa yankho la mbali ziwiri. Amene anawamvetsera bambo pachifuwa m'mawa wa tsikulo ndi madzulo ake anali Dona.

Chimene chinandisokoneza koposa n'chakuti atabwerera pa ntchito anayamba kusoketsa kwa ine. Mumsika muno atelala tilipo ambiri, ena oposa ine, koma chaka ndi chaka ankafika pakhonde langa ndi nsalu yoyera ya bata yatsopano. Kodi kunali kundikhululukira, kapena kunali kundionetsa nkhope kuti ndisaiwale? Ndayesa kuziganizira mbali zonse, sizikutuluka. Ankakhala pa mpando wa makasitomala akudya mtedza, akundinena kuti ndimapuma ngati munthu wothamangitsidwa, kuti fumbi la nsalu lidzandibweretsa pa benchi yawo ndisanakalambe. Za bambo sankazitchula, zabwino kapena zoipa. Chaka china ndinalimba mtima, tepi ili pa phewa lawo.

“Dona, za tsiku lija la bambo…”

“Thumbali mulizamitse, a Paulino,” anatero akuloza pachifuwa. “Chaka chatha munalisoka losaya, kachipangizo kanga kakumagwa ndikawerama.”

Ndinalizamitsa thumbalo. Mwina sanandimve, mumsika mumakhala phokoso. Mwina anamva bwino lomwe n'kuona kuti yankho silingandithandize. Mwinanso nawo sankadziwa, ndipo Dona anali munthu woti chimene sakuchidziwa sankachinena. Ndinadziuza kuti ndidzafunsa bwino chaka chamawa, kunyumba kwawo, nditavala jekete. Zaka zamawazo zinakwana zisanu ndi chimodzi.

Msinkhu wopuma pa ntchito unakwana, wolowa m'malo sanabwere, iwo anapitiriza kufika Lachiwiri lililonse. Manja anali atayamba kunjenjemera, koma akayamba kuomba pamsana ankakhazikika. Mwa odwala awo a zaka zomalizazo munali bambo aang'ono, a Vitorino omwe aja. Chifuwa chitawagwira anakana kupitako kwa miyezi, mpaka tsiku lina anachita kuwanyamula pa njinga ali wefuwefu. Dona anawalandira ngati wina aliyense: chitini, dzanja, wotchi, fodya m'chimbudzi. Anawasamalira zaka zinayi. Mvula ya chaka chino itayamba Dona anadwala, mwana wawo anadzawatenga, ndipo sanatsanzike aliyense poti ankati abweranso mwezi wamawa.

Lachiwiri lotsatira uthenga uja ndinaphimba makina n'kupalasa njinga kupita kuchipatalako, osadziwa kuti ndikukatani. Ndinapeza amuna asanu pa benchi. Amabwerabe, amati kunyumba kumatopetsa. Bambo aang'ono anali kumapeto, atatsamira ndodo. Ndinakhala pambali pawo, tinadandaula za maliro monga anthu amachitira, kenako mawu anangotuluka okha, chapansipansi.

“Bambo, kampopi kaja ndinatsegula ndine. A Dona sanalakwe kanthu.”

Sanadzidzimuke. Anatsokomola, analavulira m'chitini, n'kutseka.

“Ndikudziwa. Ndinali pawindo apo, njinga ili m'manja. Ndinakuona ukumatula pulasitala. Sindinakuletse, ndikanakhala ine ndikanatsegula kuposa pamenepo.”

“Ndiye pamaliro paja munaneneranji zija?”

“Epa, mwanawe, ukanakhala iwe ukanati chiyani? Anthu anali atayamba kale kufunsa kuti kampira kanakwera bwanji. Ndiime pamaso pa mudzi ndinene kuti mwana wapha bambo ake? Mayi ako akanakuyang'ana bwanji? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Uja anali mlendo. Ndinati apsa mtima, apempha transiferensiya azipita kwawo, nkhani ithera pomwepo.” Anaima kaye kusaka mpweya. “Ndiye sanapite.”

“Iwo ankadziwa kuti munaona?”

“Kaya. Zaka zinayi akundiomba pamsana ndimadikira kuti lero andifunsa. Ankangoti a Vitorino, tulutsani mpweya.”

Ndinawafunsa ngati iwo akuganiza kuti n'zimene zinawapha bambo. Anati iwo ndi msilikali, za mapapo akanafunsidwa Dona.

Ndinanyamuka kupita pa chitseko cha kachipinda kaja. Pali loko wamkulu, ndipo pa benchipo palibe amene akudziwa kuti kiyi ali ndi ndani. Ndinasuzumira pawindo. Mabedi awiri alipo, matiresi atawapinda pakati. Kalendala ikadali pa mwezi umene Dona anachoka. Pansi pa mpando pali masilipasi awo obiriwira, limodzi litagadabuka, ndipo mavu amanga chisa pa ngodya ya kabati. Pakati pa mabediwo simenti inatha mpaka kuchita kadzenje kosalala pamene ankaima, malo okwana mapazi awiri basi. Ndinabwerera pa chitseko chokhomacho, ndinavula chipewa, n'kunena kuti odi. Amuna a pa benchi anatembenuka kundiyang'ana. Ndinabwerezanso odi, mokwezako, ndipo ndinaimabe pamenepo kudikira.